Kachisi wa ku Ise ku Japan: mbiri yake ndi kayendedwe ka m'bwalo lake

Munthu wa kuno ku Tete akapeza mwayi wopita ku Japan, kaya pa maphunziro kaya pa ntchito, n'kukhala ndi tsiku limodzi lopuma, malo oyenera kuwaika patsogolo ndi Ise Jingu, kachisi wamkulu kuposa onse wa chipembedzo cha Shinto. Koma wopitako chimbulimbuli amabwerako akudandaula kuti wangoona mitengo, mpanda ndi nsalu yoyera. Sakhala akunama. Nyumba yeniyeni ya kachisi simudzayiona yonse, ndipo ngakhale pamalopa pakhala pakupembedzedwa kwa zaka zoposa 1,300, nyumba zimene zaima lerozi zinamalizidwa mu 2013. Chakale ku Ise ndi ntchito: zaka 20 zilizonse amamanga kachisi watsopano pambali pa wakale, wofanana naye ndendende, kenaka n'kuphwasula wakaleyo. Mukalowa mukudziwa zimenezi, maso anu adziwa pogwera.

Malowa ndi ati, nanga anayamba bwanji

Ise ndi mzinda wa m'chigawo cha Mie. Dzina loti Ise Jingu limaphatikiza akachisi 125 omwazikana mumzindamo ndi m'madera ozungulira, koma akuluakulu ndi awiri. Naiku ndi wa Amaterasu Omikami, mulungu wamkazi wa dzuwa, amene banja lachifumu la ku Japan limati ndiye kholo lake. Geku ndi wa Toyouke Omikami, woyang'anira chakudya, zovala ndi pogona. Awiriwa sali pabwalo limodzi. Atalikirana makilomita angapo, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa: amafika pa mmodzi n'kumayesa kuti amaliza.

Buku lakale la mbiri ya Japan lotchedwa Nihon Shoki, lomwe linamalizidwa mu 720, limati mwana wamkazi wa Mfumu Suinin, dzina lake Yamatohime, anayendayenda m'madera ambiri kufunafuna malo oti Amaterasu akhazikikepo, mpaka anafika m'mbali mwa mtsinje wa Isuzu. Eni kachisi amati zimenezi zinachitika zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo Geku anabwera patapita zaka pafupifupi 500, m'nthawi ya Mfumu Yuryaku. Imeneyi ndi nkhani ya makolo awo, ndipo muilandire motero. Chimene chili ndi chaka chotsimikizika ndi mwambo womanganso kachisi, Shikinen Sengu. Anaulamula ndi Mfumu Tenmu, ndipo unachitika koyamba mu 690 mu ulamuliro wa mkazi wake, Mfumukazi Jito.

Mwambowu unadukizapo. Nthawi ya nkhondo zapachiweniweni za m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 unaima kwa zaka zoposa 120. Umene unayenera kuchitika mu 1949 unasunthidwa kufika 1953 chifukwa dziko linali lisanadzuke ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Wa mu 2013 unali wa nambala 62, ndipo wa nambala 63 udzachitika mu 2033.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene siyenera kudumphidwa. Kuyambira 1868 boma la Japan linagwiritsa ntchito Shinto pokweza mfumu ndi kulimbikitsa mtima wodzikuza wa fuko, ndipo Ise anali pamwamba pa dongosolo limenelo. Mu Disembala 1945, Japan itagonja, chipembedzochi chinalekanitsidwa ndi boma. Kuyambira pamenepo kachisiyu amayendera ndalama zake ndi zopereka za anthu, ngakhale ubale wake ndi banja lachifumu udakalipo: mtsogoleri wa miyambo kuyambira 2017 ndi Sayako Kuroda, mlongo wake wa Mfumu Naruhito.

Kafikidwe ndi nthawi

Viza muikonzeretu musananyamuke. Wa pasipoti ya Mozambique amaipeza kudzera ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Maputo. A ku Angónia bwalo la ndege la ku Lilongwe ndilo lili pafupi kuposa la Chingodzi, choncho yerekezani mitengo ya mbali zonse ziwiri. Nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7.

Mukafika, njira yosavuta ndi sitima ya Kintetsu yochokera ku Nagoya, yomwe imatenga pafupifupi ola ndi theka. Tsikirani pa siteshoni ya Iseshi. Kuchoka pamenepo kufika ku Geku ndi mphindi 5 zokha wapansi. Polowa salipiritsa, ku Geku ngakhale ku Naiku. Amatsegula 5 koloko m'mawa chaka chonse. Kutseka kumasintha: 5 koloko madzulo kuyambira Okutobala mpaka Disembala, 6 koloko kuyambira Januwale mpaka Epulo komanso mu Seputembala, 7 koloko kuyambira Meyi mpaka Ogasiti.

Nyengo zawo n'zosemphana ndi zathu. Januwale kumazizira kuposa Juni wa ku Ulónguè, pomwe Julayi ndi Ogasiti kumatentha kutentha kwa chinyontho, kosiyana ndi kouma kwa mumzinda wa Tete. Masiku atatu oyamba a Januwale ndi tchuthi cha kumapeto kwa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi muwapewe. Anthu amadzaza moti mumangokankhidwa ndi khamu osaona kanthu. Nthawi yabwino ndi pakati pa sabata, m'mamawa, anthu a mabasi a alendo asanafike.

Valani nsapato zotseka, zafulati. Njira zonse n'zothira timiyala, ndipo mapatapata kapena nsapato za gogoda zidzakusautsani musanafike n'komwe pakati. Ngati kwanu kwangochitika maliro a m'bale wapafupi, dziwani kuti pamwambo wa Shinto wofedwa amadikira masiku pafupifupi 50 asanalowe m'kachisi. Palibe adzakufunseni pachipata, koma ngati mukupita ndi mnzanu wa ku Japan, muuzeni.

Yambani ndi Geku

Mwambo wake ndi wotero, Geku kaye kenaka Naiku, ndipo ngakhale ansembe amatsata dongosolo lomweli pa zikondwerero zikuluzikulu. Ku Geku yendani chakumanzere kwa njira. Pakati penipeni pa njira amati ndi podutsa milungu. Pachipata chilichonse cha torii, chija cha mizati iwiri ndi mitanda pamwamba, imani pang'ono, vulani chipewa, weramani kamodzi, kenaka dutsani.

Mukangowoloka kamlatho kolowera mupeza posambira m'manja. Apa m'pamene alendo ambiri amasokoneza. Tengani chikho ndi dzanja lamanja, tungani kamodzi kokha, ndipo madzi amenewo akukwanireni zonse. Thirani pang'ono kudzanja lamanzere. Sinthani chikho, thirani kudzanja lamanja. Bwezerani chikho kumanja, thirani madzi m'chikhatho chamanzere, chukuchani m'kamwa, n'kulavulira pansi kunja kwa mwala wa madziwo mutaphimba pakamwa. Tsukaninso dzanja lamanzere. Pomaliza imikani chikho kuti madzi otsalawo atsetsereke pachogwirira, ndipo muchibwezere chovundikira. Zolakwika zake ndi zitatu: kukhudzitsa chikho pamlomo, kumeza madziwo, ndi kusambira pamwamba pa mwala moti madzi akuda abwerere momwe ena atunge. Ambiri amathiranso madzi ochuluka pa dzanja loyamba n'kupezeka atha asanafike pakamwa.

Musanafike pa kachisi wamkulu wa Geku mudutsa bwalo lopanda nyumba, lofanana kukula ndi la kachisiyo, loyalidwa nsangalabwi. Anthu ambiri amalidutsa osatembenuka n'komwe, chonsecho ndi pamene pali nkhani yonse ya Ise. Pamenepo m'pamene panali kachisi kuyambira 1993 mpaka 2013, ndipo m'pamenenso padzaime wa 2033. Chapakati pake pali kanyumba kakang'ono ka matabwa, kosafika msinkhu wa munthu, kophimba malo a mzati wopatulika umene umakhala pansi pa nyumba yaikulu. Imani muone bwino tsopano, chifukwa ntchito yomanga ikayamba malowa adzatchingidwa. Chapafupi pali miyala itatu yozunguliridwa ndi chingwe. Ndi malo a mwambo woyeretsa. Musaponyepo ndalama kapena kutambasulirapo manja monga muonere ena akuchita.

Ntchito yaikulu ya Geku simudzaiona, koma idziweni. Kawiri tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, ansembe amakonzera milungu chakudya: mpunga, madzi, mchere, nsomba, ndere za m'nyanja, masamba, zipatso ndi mowa wa mpunga. Moto wophikira amachita kupeka ndi mitengo, sayatsa ndi machesi. Madzi amatunga pachitsime chopatulika, mpunga ndi wa m'munda wa kachisi, mchere amaphika okha ku Futami m'mphepete mwa nyanja. Eni ake amati mwambowu wakhala ukuchitika kwa zaka pafupifupi 1,500.

Ngati miyendo ikulola, kwerani masitepe 98 a miyala opita ku Taka-no-miya. M'munsi mwake muli Kaze-no-miya, wa mulungu wa mphepo, amene anakwezedwa ulemu mu 1293 chifukwa anthu ankakhulupirira kuti ndiye anatumiza mphepo imene inawononga zombo za a Mongol pamene ankafuna kulanda Japan. Ndipo musatuluke musanalowe mu Sengukan, nyumba yoonetsera zinthu imene inatsegulidwa mu 2012 pafupi ndi polowera. Pamenepo pokha pali kulipira pang'ono. M'katimo anamangamo mbali imodzi ya nyumba yaikulu ya Geku pa msinkhu wake weniweni, ndi zida za amisiri. Zimene mpanda ukubisirani kunja kuja muziona muno maso ndi maso. Geku yense, pamodzi ndi Sengukan, mupatseni ola ndi theka.

Ku Naiku

Basi imanyamukira kutsogolo kwa Geku ndipo imatenga mphindi 15 mpaka 20. Ku Naiku mbali imasintha: yendani chakumanja.

Mumalowera pa mlatho wa Uji, wa matabwa, wotalika mamita pafupifupi 100. Nawonso amaumanganso zaka 20 zilizonse, koma zaka zinayi kachisi asanasamuke. Umene ulipowu ndi wa 2009, wotsatira ndi wa 2029. Yang'anitsitsani zipata za torii za kumapeto onse awiri. Mizati yake ndi ija inkachirikiza denga la akachisi akale: chipata chakunja ndi mizati ya ku Geku, cham'kati ndi ya ku Naiku. Ikatha zaka 20 pamlathopa imapitanso kukaima zaka zina 20 ku Kuwana ndi ku Seki, m'chigawo chomwecho cha Mie. Mtengo umodzi umagwira ntchito zaka 60. Matabwa ena a kachisi wophwasulidwa amagawidwa kwa akachisi ena m'dziko lonselo, makamaka amene awonongeka ndi moto kapena chivomerezi. Amene amaganiza kuti mwambowu ndi kuwononga mitengo ayambe waona zimenezi.

Chapatsogolo kudzanja lamanja njira imatsikira ku mtsinje wa Isuzu, pa masitepe otambalala a miyala. Anthu akale ankadziyeretsa pamenepa, ndipo mpaka lero mukhoza kunjuta n'kusamba m'manja. Miyala ya m'mphepete imaterera mvula ikagwa. Musaponye ndalama m'madzi.

Kuchoka apo njira imalowa m'nkhalango ya mitengo ikuluikulu ya sugi, ina ya zaka mazanamazana. Ambiri amakonda kuikumbatira, koma kutero kumasupula makungwa ndi kupondereza mizu, ndipo muona ina itakutidwa ndi nsungwi kuitchinjiriza. Ionereni panjira. Mukakumana ndi nkhuku zikuyendayenda musadabwe: tambala amatengedwa ngati mthenga wa mulungu wa dzuwa. Pa 1, pa 11 ndi pa 21 mwezi uliwonse, cha m'ma 8 koloko m'mawa, amabweretsa hatchi yopatulika kudzawerama kutsogolo kwa kachisi, nyengo ikakhala bwino.

Kuchokera pamlatho kufika pansi pa masitepe a kachisi wamkulu ndi mphindi pafupifupi 15. Kujambula kumathera pansi pa masitepewo. Mukayamba kukwera, foni ilowe m'thumba, ndipo alonda sanyengerera pa nkhani imeneyi. Nyumbayo yazunguliridwa ndi mipanda inayi. Munthu wamba amadutsa woyamba wokha n'kuima pachipata chachiwiri, pomwe pali nsalu yoyera yolendewera. Kuseri kwake, m'kati mwenimweni, amasungako galasi lopatulika la Yata no Kagami, chimodzi mwa zizindikiro zitatu za ufumu wa Japan. Salionetsa kwa anthu.

Kapembedzedwe kake ndi aka: kuwerama kawiri mozama, kuwomba m'manja kawiri manja ali pachifuwa, kukhala chete pang'ono, kenaka kuwerama kamodzi. Pano anthu amathokoza. Zopempha za iwe mwini amakanenera ku Aramatsuri-no-miya, kachisi wina wa kuseri. Ambiri a ife ndife Akhristu kapena Asilamu, ndipo funso loti kodi ndiwerame limabwera ndithu. Palibe amene amakakamizidwa. Mukhoza kuima chakumbali, chipewa chili m'manja, osalankhula mokweza, osatsekera ena njira, ndipo palibe adzakuoneni ngati wamwano. Choipa ndi kuwomba m'manja moseka kapena kuchita mwambowo kuti wina akujambuleni.

Zoyang'ana pa nyumbazo

Sunthirani chakumbali kwa chipata, musuzumire pamwamba pa mipanda. Muona denga. Pamsana pa dengalo pagona timitengo tobulungira topingasa: ku Naiku tilipo 10, ku Geku 9. Kumapeto onse awiri kuli matabwa aatali opingasana oloza kumwamba. A ku Naiku nsonga zake anadula mogoneka, a ku Geku moimirira. Nsonga zimenezi zinavekedwa chitsulo chonyezimira ngati golide, ndipo ndi zokongoletsa zochepa zimene mungaone kuchokera kunja.

Pobwerera, panjira yopita ku Aramatsuri-no-miya, pali kanyumba kotchedwa Mishine-no-mikura, kosungiramo mpunga wa nsembe. Kamangidwe kake n'kofanana ndi ka nyumba yaikulu, koma kalibe mipanda yobisa, choncho imani apa nthawi yaitali. Akatswiri amati mamangidwe a Ise anachokera ku nkhokwe za mpunga za ku Japan wakale, ndipo aliyense amene anakula akuona nkhokwe ya chimanga pakhomo azindikira msanga: pansi pake n'pokwezeka kuti chinyontho chisalowe, denga ndi la udzu. Matabwa ndi a mtengo wa hinoki, opalidwa bwino, osapakidwa penti. Mizati anaizika m'dothi mwachindunji, popanda mwala kapena simenti pansi. Kumbali ziwiri kuli mzati umodziumodzi wonenepa, woima kunja kwa khoma, wochirikiza mtanda wa pamsana pa denga. Mizati yotere ya nyumba yaikulu ndi ija imakaima pamlatho.

Nyumba yotere singakhalitse, ndipo chimenecho ndi chifukwa choyamba chimene amapereka pa zaka 20. Mzati wozikidwa m'dothi lachinyontho umaola kuyambira pansi, udzu wa padenga umamera ndere n'kuyamba kudontha. Mukapita zaka zino muona kale matabwa atachita bii ndi madenga obiriwira. Chifukwa chachiwiri ndi amisiri. Pa zaka 20 munthu akhoza kugwira ntchitoyi koyamba ali wophunzira, kachiwiri ali mmisiri wokhwima, kachitatu akutsogolera, ndipo luso silidumpha mbadwo. Chachitatu ndi chikhulupiriro choti malo okhala mulungu azikhala atsopano nthawi zonse. Kwa ife chachiwirichi ndicho cholemera, chifukwa sichikhudza akalipentala okha. Pamodzi ndi nyumba amapanganso zinthu pafupifupi 1,600 za m'kachisi: nsalu, malupanga, mauta, magalasi ndi zina, chilichonse ndi manja, potsata kapangidwe kakale. Luso lina mwa limeneli likanatha kalekale pakanapanda ntchito ya ku Ise.

Kukonzekera kumatenga zaka 8 ndi miyambo yoposa 30. Ya 2033 inayamba mu 2025 ndi mwambo wopempha chilolezo kwa mulungu wa phiri asanadule mitengo. Pamafunika mitengo ya hinoki pafupifupi 10,000, yambiri yochokera ku mapiri a Kiso, chifukwa nkhalango ya pafupi ndi kachisi inatha mitengo ikuluikulu zaka mazana angapo zapitazo. Mu 1923 anayamba ndondomeko ya zaka 200 yodzala ndi kusamala hinoki m'nkhalango yawo ya mahekitala pafupifupi 5,500, ndipo mu 2013 ena mwa matabwa anachokera m'nkhalango imeneyi koyamba patapita zaka pafupifupi 700. Anthu a mumzinda wa Ise nawo ali ndi gawo lawo: amakoka mitengoyo ndi zingwe, ina pamtunda ina mumtsinje, amatolanso nsangalabwi zoyera mumtsinje wa Miya, ndipo chaka chosamuka amakaziyala okha m'bwalo la kachisi watsopano, mulungu asanalowemo. Ndi nthawi imeneyi yokha pamene munthu wamba amaima pafupi ndi nyumba yaikulu.

Zotsala musanabwerere

Ku Ise kulibe timapepala tolosera mwayi timene timapezeka mwa akachisi ena a ku Japan, choncho musavutike kutifunafuna. Chikumbutso choyenera ndi chidindo chofiira chokhala ndi tsiku limene mwafika, chimene amadinda pa ofesi ya pafupi ndi Kaguraden, nyumba ya mapemphero ndi magule opatulika, ku Geku ndi ku Naiku komwe. Amadinda m'kabuku kake kapadera kogulitsidwa pomwepo, osati m'kope la kusukulu kapena m'pasipoti. Kudya ndi kusuta fodya m'kati mwa bwalo n'koletsedwa.

Amene akufuna kuona ansembe ali pamzere, atavala zoyera, apite pakati pa Okutobala, pa 15 mpaka pa 17, nthawi ya Kannamesai, pamene amapereka mpunga woyamba kucha. Ndi mwambo waukulu kuposa yonse ya pachaka, ngakhale mbali zake zazikulu zimachitika usiku anthu atatuluka.

Mukawoloka mlatho potuluka, tembenukirani kumanja mulowe mu Oharaimachi, msewu wa mamita pafupifupi 800 wa masitolo ndi malo odyera. Unakula chifukwa cha anthu a maulendo achipembedzo, omwe m'chaka cha 1830 chokha anapitirira mamiliyoni anayi, ambiri wapansi. Lawani Ise udon, zakudya za ufa wa tirigu zonenepa ndi zofewa, za msuzi wakuda wochepa, komanso Akafuku, timakeke ta mpunga topakidwa nyemba zotsekemera, timene sitolo yake inayamba mu 1707. Tengani ndalama za yen m'manja chifukwa si paliponse pamene amalandira khadi. Masitolo ambiri amatseka cha m'ma 5 koloko madzulo, choncho ngati mwafika ku Naiku masana, idyani kaye musanawoloke mlatho.